Pitani ndithu, koma mufunse kuti amene wakhala patsogolo panuyo anaphunzira chiyani

Achemwali inu amene mwabisa dzina, nditangowerenga kuti mwatha miyezi iwiri tulo tili kutali ndipo mukuopa ofesi ya uphungu ya pa yunivesite chifukwa simukudziwa kuti anthu ake ndi otani, mtima wanga wangoti myuu, mbale ndazisiya m'madzi. Ndaona ena amene akuyankhani pamwambapa akuti ingopempherani, ena akuti zimenezo ndi za azungu. Ine chitseko chimenecho ndinalowapo, ku Joni konkuno, ndiye mundilole ndinene.

Amayi anga anatisiya mu Januwale 2021, sabata yomwe ija kumudzi ku Malawi tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi ndi Covid-19. Kuno anali atangolengeza pa 11 kuti ma border apamtunda atsekedwa, Beitbridge yomwe. Ngakhale pakanapezeka basi, ulendo wake ndi wa masiku awiri, pomwe iwo anawaika tsiku lomwelo. Bokosi silinatsegulidwe. Anawatsitsira m'manda anthu azaumoyo ovala zoyera mpaka kumutu, adzukulu ataimirira potero. Ine ndinaonera pa WhatsApp, mlongo wanga atagwira foni, netiweki ya ku Ntcheu ikuduladula, chithunzi n'kuima pamene bokosi lili pakati pa dzenje. Pa siwa sindinagone. Dothi sindinathire. Tsiku lometa anameta anzanga, ine ndili m'kachipinda ka pa sukulu ndi laputopu.

Pofika Epulo thesis inali itaima. Ndinkatsegula chaputala chachitatu m'mawa, dzuwa n'kulowa ndili pa ndime yomweyo. Ndinadzaza fomu ya ku ofesi ya uphungu pa intaneti, ndinadikira masabata atatu, kenako anandiitana.

Kachipinda kakang'ono, mipando iwiri yotalikirana, tonse titavala mask, tebulo lili ndi kabokosi ka tishu, wotchi ili pakhoma kumbuyo kwanga kuti mlangiziyo aziiona ine ayi. Mtsikana wamng'ono kwa ine, waulemu wake ndithu, sindinganame. Anayamba ndi pepala la mafunso 9 lija amati PHQ-9, lofunsa kuti m'masabata awiri apitawa mwagona bwanji, mwadya bwanji, mukudziona bwanji, funso lililonse mumapereka 0 mpaka 3, lomaliza n'lofunsa ngati mumaganiza kuti bola kufa. Ndinayankha zonse. Kenako anati ndifotokoze. Ndinayamba, m'Chingerezi, ndipo apa ndi pamene munthu umazindikira kuti kulira kuli ndi chilankhulo chake. Siwa unena kuti chiyani? Adzukulu uwamasulira bwanji kuti asaganize kuti ukunena ana a ana ako? Ndinavutika nazo mpaka ndinafika pa chimene ndinabwerera. Ndinati amayi amandibwerera kutulo pafupifupi usiku uliwonse, atavala chitenje chawo cha Chigwirizano, ataima pakhomo osalowa, osayankhula, ndipo ndikudziwa kuti akufunsa chifukwa chimene sindinabwere.

Cholembera chinaima. Anandiyang'ana pamwamba pa mask n'kufunsa ngati ndimawaonanso ndili maso. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndimamva mawu amene ena sakumva, ngati pali wina m'banja mwathu anagonekedwapo kuchipatala cha amisala. Analemba, analembanso, mkono utaphimba pepala. Ine thupi lonse linazizira. Ndangomuuza munthu chinthu chimene ngakhale mlongo wanga sindinamuuze, iye akuyeza ngati mutu wanga ukuyenda bwino! Atamaliza anatulutsa pepala lina la mizere, mzere wa chochitika, mzere wa ganizo, mzere wa mmene mwamvera, mzere wa umboni. Anati ganizo loti ndinawataya amayi ndi ganizo lokhota, tilifufuze, umboni wake uli kuti? Umboni! Ndinkafuna kukuwa kuti umboni uli ku Ntcheu, pali mulu wa dothi umene dzanja langa silinakhudze. Pakamwa panangouma. Maso ake anapita pa wotchi, mphindi 50 zakwana, mudzaze pepalali kunyumba tidzaonane sabata ya mawa. Ndinatuluka n'kulowa m'chimbudzi cha pafupi ndi masitepe, ndinakhoma, ndinakhala pansi pa matailosi ozizira, mask itanyowa ngati yochapa, mpaka mayi wokolopa anagogoda kufunsa ngati ndili bwino. Tsiku limenelo munthu amene anandigwira phewa anali mayi wokolopayo.

Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima, ndipo si mtsikanayo yekha ayi. Ndimakwiyira amene anawerenga fomu yanga, pomwe ndinalemba poyera kuti maliro, mlendo, sindinakaike, n'kuona kuti woyenera ndi wophunzira ntchito. Zoti anali intern ndinazidziwa mochedwa, zinali m'timalemba ting'onoting'ono pa pepala limene ndinasaina misozi ili m'maso. Ndimakwiyiranso wa pa desiki amene nditapempha kusintha anandiuza, maso ali pa kompyuta, kuti ndikatero ndibwerera kumchira kwa mzere ndipo magawo okumana ndi mlangizi ndi 6 okha, limodzi latha kale. Ngati ndikugula tomato! Munthu wabwera wosweka, iwe ukumuwerengera magawo.

Ndiye mvetserani, chifukwa izi palibe anandiuza. Anthu a mu ofesi muja tonse timangoti a counsellor, koma sukulu zawo n'zosiyana kutalitali. Kuno ku South Africa ambiri amalembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, ndipo dzina la munthu mukhoza kulifufuza nokha pa intaneti muone gulu lake. Registered counsellor ali ndi digiri ya zaka zinayi ndi maola 720 ophunzira pa ntchito, gawo lake ndi thandizo la nthawi yochepa ndi kukutumizani kwa wina zikakula. Counselling psychologist ali ndi Masters, chaka cha internship ndi mayeso a bodi, ndipo zake zenizeni ndi zokhoma za moyo ngati maliro, chibwenzi chatha, sukulu yakulemera. Clinical psychologist nayenso ndi wa Masters, koma anazolowera matenda aakulu a m'maganizo ndipo amagwiranso chaka cha community service, kutumikira m'zipatala za boma. Intern ndi amene ali m'chaka chophunzira ntchitocho, ndipo mayunivesite ambiri ndiwo malo awo ophunzirira, n'chifukwa chake mumawapeza ochuluka. Social worker ali ndi bungwe lakelake, SACSSP, ndipo ngati chikukusowetsani tulo ndi fizi, njala kapena malo ogona, ameneyo ndiye amadziwa zitseko zogogoda. Onsewa salemba mankhwala. Mankhwala ndi kwa dokotala kapena psychiatrist, dokotala wa matenda a m'maganizo.

Njira zawonso si imodzi. Ya pepala la mizere ija ndi CBT, anaiyambitsa Aaron Beck m'ma 1960, mfundo yake ndi yoti ganizo, mtima ndi zochita zimakokana, ukakonza chimodzi zinazo zimatsatira. Pa sukulu amaikonda poti imatheka m'magawo ochepa. Ena amatsata njira ya Carl Rogers, amakusiyani muyankhule iwo akumvetsera, osakupatsani malangizo, moti Mmalawi wozolowera kulangizidwa amatuluka akuti munthu uja sanandiuze kanthu. Ena amakumba za ubwana wanu. Ena amangofuna mupeze kanthu kamodzi kochita sabata ino.

Ndinabwerera kumchira kuja, ndinadikiranso, ndipo ndinapeza mayi wachikulire, counselling psychologist, wokulira kumudzi ku KwaZulu-Natal. Funso lake loyamba linali lakuti, kwanu munthu akamwalira mumatani? Ndinayankhula theka la ola, iye akufunsa kuti kumeta kumachitika liti, amatsogolera ndani, malume ali ndi gawo lanji. Za maloto anangogwedeza mutu n'kunena kuti kwawonso wakufa amene sanaperekezedwe bwino amabwera, ndipo pali mwambo womubweretsa kunyumba. Anandifunsabe ngati ndimawaona ndili maso, koma anayamba wandiuza chifukwa chake, kuti funso limeneli amafunsa aliyense, ndipo silinandilase. Gawo lachitatu anandipatsa pepala lalikulu ndi makrayoni kuti ndijambule mtengo. Mizu ndi kumene ndachokera, thunthu ndi zimene ndimatha, nthambi ndi zimene ndikuyembekezera, masamba ndi anthu anga, amoyo ndi akufa omwe, zipatso ndi zimene anandipatsa. Njira imeneyi anaikonza ndi mayi wa ku Zimbabwe, Ncazelo Ncube, pamodzi ndi David Denborough mu 2006, poyamba inali ya ana amasiye. Ndinalemba dzina la amayi pa tsamba, dzanja likunjenjemera, ndipo pa zipatso ndinalemba fizi ya Fomu 1 imene analipira ndi mbatata ya kachewere. Sanandiuze kuti ndiwaiwale kapena ndiwamasule. Anafunsa kuti mwambo umene ndinaphonya ungakonzedwe bwanji. Usiku womwewo ndinaimbira amalume, tinagwirizana za chiliza, ndipo nditapita kumudzi ndinathira dothi langa ndi dzanja langa.

Tulo tokha sitinabwere ndi mtengo, ndinene zoona. Tinabwera ndi CBT yomweyo. Mayi uja anandiikira lamulo lodzuka ola limodzimodzi tsiku lililonse, kutuluka pabedi ngati tulo takana, osagwira foni, ndipo pepala la mizere lija ndinadzazadi, linandithandiza pa mantha a thesis. Ngakhale agogo a Friendship Bench a ku Harare, omvetsera mavuto a anthu atakhala pa benchi, amene Dixon Chibanda anayamba nawo mu 2006, amaphunzitsidwa njira yachibale ndi imeneyi, yothetsa mavuto limodzilimodzi, kungoti iwo amayambira pa mawu a anthu eniake a Chishona, kufungisisa, kumene ife timati kuganiza kwambiri. Ndiye amene akuti ndi za azungu sakudziwa chimene akunena.

Inu achemwali, dzazani fomuyo usiku uno, musadikire Lolemba, mzere ndi wautali ndipo mayeso akayandikira umatalikirapo. Amene angakupatseni mulandireni, musasankhe, ngakhale akhale intern, chifukwa ma intern nkhani zawo amakazionetsa kwa wamkulu wowayang'anira. Kwa ophunzira olembetsa n'zaulere, ndipo zimene mwanena sizipita ku dipatimenti kwanu, pokhapokha moyo wanu kapena wa wina uli pa ngozi. Koma mukangokhala pampando mufunse, musachite manyazi ngati ine: munalembetsedwa ngati ndani, mumagwiritsa njira yanji, munathandizapo munthu wochokera kunja, magawo ndi angati ndipo akatha ndipita kuti? Akakufunsani za mawu ndi zooneka musathawe, ndi ntchito yawo. Mukaona kuti gawo loyamba latha munthu sanakumveni, musabwererenso kwa iye, pemphani wina ngakhale akuopsezeni ndi mzere. Kupemphera musasiye, ine sindinasiye, ena mwa alangiziwa ndi opemphera okhaokha ndipo mukhoza kupempha wotero. Miyezi iwiri osagona ndi yambiri, ndiye mupitenso ku kiliniki ya pa sukulupo dokotala akuoneni. Ndipo ngati funso lachi 9 lija, loti bola kufa, yankho lanu si 0, musadikire fomu iliyonse, imbani ku SADAG, bungwe la kuno ku South Africa lothandiza ovutika maganizo, pa 0800 567 567, ndi yaulere ndipo amayankha usiku womwe. Ngati mukuopa kulowa nokha ndilembereni ku inbox, ngati tili tauni imodzi ndidzakuperekezani mpaka pakhomo n'kukudikirani panja.