Funsani a Zaziweto: Kamphaka ndi chakudya chouma cha m'thumba

Ndapatsidwa kamphaka ka milungu 8 kuti kakakula kazithamangitsa makoswe m'sitolo yanga. Ndinagula thumba la chakudya chouma lojambulidwa mphaka, koma mnansi wanga akuti ndi la amphaka akuluakulu. Kodi pali kusiyana? — Mayi a ku Kapata, Chipata

Amayi, mnansi wanuyo wanena zoona. Kamphaka kamabadwa kakulemera magalamu pafupifupi 100, ndipo kakamadya bwino kamawonjezera magalamu ngati 100 mlungu uliwonse. Pofika miyezi 6, mano a mkaka amakhala atagweluka, okhalitsa atamera, mafupa atatalika. Mimba yake ndi yaing'ono kwambiri, choncho kachakudya kochepa komwe kamalowamo kayenera kukhala kodzaza ndi zomanga thupi.

Tembenuzani thumbalo. Chithunzi cha kutsogolo n'chokopera ogula, nkhani ili kumbuyo. Mawu ake amakhala a Chingerezi, ndiye fufuzani akuti "kitten", "growth" kapena "all life stages", komanso akuti "complete". Mukaona "complementary", dziwani kuti n'chongolawa ngati chitumbuwa, sichingalowe m'malo mwa chakudya chenicheni.

Kenako onani manambala. Bungwe la AAFCO la ku America, lomwe miyezo yake amatsatira opanga ambiri, limati chakudya cha kamphaka chikachotsedwa madzi chisachepere magawo 30 pa 100 a mapuloteni, 9 a mafuta, 1 la kasiyamu ndi 0.8 a fosiforasi (michere iwiri yomanga mafupa). Cha mphaka wamkulu chimaloledwa kukhala ndi mapuloteni 26 ndi kasiyamu 0.6 basi. Kusiyanako kumaoneka kochepa papepala, koma m'mafupa a kamphaka n'kwakukulu. Manambala a pathumba amawerengera ndi madzi omwe, ndiye chitani kasamu aka: ngati alemba mapuloteni 28 ndi chinyezi 10, gawani 28 ndi 90 (100 kuchotsapo 10 wa chinyeziyo), muchulukitse ndi 100. Mupeza 31, kutanthauza kuti chadutsa pang'ono chabe.

Koma nambala ya mapuloteni payokha ingakunamizeni. Poyeza amayang'ana kuchuluka kwa nayitirojeni, osati kumene wachokera, moti soya ndi tirigu zimakweza nambalayo ngati mmene nyama imachitira. N'chifukwa chake muwerengenso mndandanda wa zimene aikamo, womwe umayamba ndi chimene chalemera kwambiri. Poyamba pakhale nyama yotchulidwa dzina, kaya nkhuku kaya nsomba. Mawu akuti "chicken meal" asakuopseni: imeneyo ndi nyama ya nkhuku youmitsa ndi kupera, ndipo ndi yabwino. Chimanga pang'ono sicholakwika, pakuti ndicho chimagwirizitsa timibulu, ndipo mphaka amagaya ufa wophika. Cholakwika n'chakuti zitatu zoyamba zonse zikhale mbewu.

Mawu ena oti musawaphonye ndi "taurine", chakudya china chofunika ku mtima ndi maso. Mphaka sapanga taurine wokwanira m'thupi mwake, amayenera kumupeza m'nyama, ndipo m'mbewu mulibe. Akasowa, mtima umatambasuka n'kufooka, ndipo maso amawonongeka pang'onopang'ono mpaka khungu losachiritsika. Ofufuza a pa University of California ku Davis ndiwo anaonetsa za mtimazi mu 1987, ndipo kuchokera pamenepo opanga anayamba kuwonjezera taurine. M'chakudya chouma asachepere 0.1 pa 100.

Thumba mwagulalo si poizoni. Gulani la ana, musinthe m'masiku 7: masiku awiri oyamba chatsopano chikhale gawo limodzi mwa anayi, kenako theka, kenako magawo atatu, pomaliza chokhachokha. Kusintha tsiku limodzi kumatsegula m'mimba.

Chakudya cha agalu n'chotchipa ndipo chimapezeka paliponse. Sindingamagawireko kamphaka, n'kumawonjezera nsima ya kapenta ndi mkaka? Amphaka a kumudzi amakula ndi nsima yomwe. — Bambo a ku Katete

Bambo, mphaka wa kumudzi sakula ndi nsima. Amakula ndi mbewa, abuluzi, ziwala ndi timbalame timene amagwira kuseri kwa nkhokwe, n'kudya ndi mafupa ndi zam'kati zomwe. Kamphaka ka miyezi iwiri sikanayambe kusaka, kakudalira mbale yanu.

Galu amapanga yekha taurine, amasandutsa zam'masamba kukhala vitamini A, ndiponso amapanga mafuta ena ofunika kuchokera ku mafuta a mbewu. Mphaka zonsezi sangathe mokwanira. Chakudya cha galu wamkulu chimaloledwa kukhala ndi mapuloteni 18 pa 100 okha. Kamphaka kakaba m'mbale ya galu kamodzi palibe chovuta, koma kakamadya zimenezo miyezi, kamapinimbira, ubweya n'kuyoyoka.

Nsima imangodzaza mimba. Kapenta wouma amakhala ndi mchere wambiri, ndipo ndiwo za pakhomo zimakhala ndi anyezi, yemwe amaphwanya timaselo tofiira ta m'magazi a mphaka, kaya ndi wophika kaya wamuwisi. Mkaka wa ng'ombe uli ndi shuga amene kamphaka kosiya kuyamwa sikagaya bwino, ndiye kamatsegula m'mimba, ndipo kanthu kosakwana kilogalamu sikachedwa kutha madzi m'thupi.

Tichenjezenso amene amaganiza kuti akuchita bwino popatsa mnofu wokhawokha. Mnofu uli ndi fosiforasi wambiri koma kasiyamu wochepetsetsa. Thupi likasowa kasiyamu limakamutenga m'mafupa. Pakapita milungu ingapo kamphaka kamasiya kusewera, kamatsimphina miyendo yakumbuyo, kamalira mukakanyamula, ndipo kakhoza kuthyoka mwendo pongodumpha pampando. Chiwindi cha tsiku ndi tsiku nachonso chimachulutsa vitamini A, mafupa a m'khosi n'kuuma.

Ngati ndalama zavuta, limbikirani chakudya cha ana makamaka miyezi 6 yoyamba, ngakhale choyenera n'kufika miyezi 12. Zowonjezera, monga dzira lowiritsa kapena kapenta woviika n'kuwiritsa popanda mchere, zisapose gawo limodzi mwa 10 a chakudya cha tsikulo.

Mayi wa timphaka tathu wagundidwa ndi galimoto tili ndi milungu 5. Timakana timibulu touma. Tichite bwanji, ndipo tizipatsa kuchuluka bwanji? — Aphunzitsi a ku Petauke

Pepani aphunzitsi. Pa msinkhu umenewu mano alipo koma ndi ang'ono, sangaswe timibulu. Tengani muyezo umodzi wa chakudya cha ana, muthire miyezo itatu ya madzi ofunda, osati owira, mudikire mphindi 15, mukanye ndi foloko chikhale ngati phala. Ikani m'mbale yosaya. Kamene kakukana, kapakeni pang'ono pamlomo ndi chala, kadzanyambita. Perekani kanayi kapena kasanu patsiku, ndipo mlungu uliwonse muzichepetsa madzi, kuti pofika milungu 8 tizitafuna chouma. Phala lotsala lisapitirire ola limodzi m'mbale, makamaka m'chilimwe cha Okutobala, pakuti limasasa msanga ndipo ntchentche zimaikiramo mazira.

Za kuchuluka: kamphaka ka milungu 10 kamalemera kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kamafuna makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) ngati 200 patsiku. Chakudya chouma cha ana chimakhala ndi makalori pafupifupi 4 pa galamu, ndiye ndi magalamu ngati 50, ogawa kanayi. Yezani kamodzi pasikelo, mulembe mzere pakapu, muzitsata mzerewo. Kuyambira miyezi 4 perekani katatu, ikapitirira miyezi 6 kawiri, motsata tebulo la pathumba.

Woweruza weniweni ndi sikelo. Yezani kamphaka kalikonse tsiku lomwelomwelo mlungu uliwonse. Kakamadya koma osalemera, mimba ili tuu ngati mpira pamene nthiti zikuwerengeka, ganizirani njoka za m'mimba. Mankhwala ake amaperekedwa milungu iwiri iliyonse mpaka miyezi itatu, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Katengeni ku ofesi ya zaziweto ya boma lanu, komwe kakalandirenso katemera wa chiwewe kakakwana miyezi itatu. Ndipo chonde musakapatse Panado: kwa mphaka ngakhale kachidutswa kamapha.

Madzi asasowe. Timibulu tili ndi madzi osapitirira 10 pa 100, pamene mbewa ili ndi madzi pafupifupi 70 pa 100. Makolo a mphaka ndi avumbwe a m'madera ouma, omwe ankapeza madzi m'nyama, choncho mphaka samva ludzu msanga. Ikani mbale yotakata patali ndi chakudya, musinthe madzi tsiku lililonse.

Ndimagula chakudya chopimira m'timapulasitiki chifukwa thumba lonse ndi lodula. Mvula itayamba, kamphaka kanayamba kungonunkhiza n'kuchoka. — Mnyamata wa ku Mchini, Chipata

Achimwene, mphuno ya kamphakako ikhulupirireni. Timibulu timakutidwa ndi mafuta kunja, ndipo mafutawo akakumana ndi mpweya, kutentha ndi dzuwa amavunda, mavitamini n'kumatha. Chinyezi cha dzinja chimabweretsa chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Kumbukirani kuti mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa muno m'Zambia chifukwa cha poizoni ameneyu m'chimanga. Kuphika kapena kuyanika padzuwa sikumuchotsa.

Chopimira chili ndi vuto linanso: simungaone tsiku lothera ntchito, simungadziwe ngati n'cha ana, cha akuluakulu kapena cha agalu. Kuli bwino kusonkherana ndi anzanu awiri, mugule thumba lotseka, mugawane. Kamphaka kamodzi kamatha makilogalamu awiri m'milungu pafupifupi 6, ndipo thumba lotsegula lisapitirire pamenepo.

Chakudya chikhale m'thumba lake lomwelo, mufinye mpweya, mupinde kukamwa, muike m'bakete lotseka bwino. Baketelo likhale pathabwa, osati pasimenti kapena pafupi ndi mbaula. Musathire chatsopano pamwamba pa chakale. Timibulu tikamamatana, tikamanunkha ngati mafuta okazingira akale, kapena mukaonamo anankafumbwe, tayani m'dzenje momwe nkhuku ndi agalu sangafike. Kamphaka kakakhala tsiku lathunthu osadya, kakusanza, kapena nkhama zake zikaoneka zachikasu, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo mutenge ndi kapulasitiki ka chakudyacho.