Laputopu sikuiona PLC yatsopano: yambirani pa maadiresi

Achimwene, mwati mwalumikiza PLC (kakompyuta koyendetsa makina) yatsopano ya Siemens S7-1200, HMI (sikirini yolamulira makina) ndi drive (chipangizo choyendetsa mota) pa switch (kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki) imodzi, timagetsi ta pamadoko tikuphethira, koma laputopu sikuona chilichonse ndipo ping (lamulo loyesa ngati chipangizo chikuyankha pa netiweki) sikuyankhidwa. Kuphethirako kukungokuuzani kuti waya ndi wabwino. Vuto lili pa maadiresi a IP, manambala omwe zipangizo zimadziwika nawo pa netiweki.

Yambirani pa laputopu. Tsegulani cmd (malo olembamo malamulo mu Windows), lembani ipconfig. Mukapeza adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti laputopu inadikirira DHCP (njira yomwe netiweki imagawira yokha maadiresi), sinaipeze, Windows n'kudzipatsa yokha nambala. Pa netiweki ya makina nthawi zambiri sipakhala DHCP, ndipo ndi bwino choncho, chifukwa PLC imafuna kupeza chipangizo chilichonse pa nambala yomweyo tsiku ndi tsiku. Lembani ncpa.cpl, lowani pa Ethernet kenako IPv4, muike pamanja 192.168.0.250 ndi mask ya 255.255.255.0. Pa gateway (adiresi ya rauta yotulukira ku netiweki ina) musalembepo kanthu. Wi-Fi muizimitse kaye, popeza rauta yake ikakhalanso pa 192.168.0, uthenga wanu ukhoza kutulukira khomo lolakwika.

Mask imeneyi ikutanthauza kuti manambala atatu oyambirira afanane pa zipangizo zonse, lomaliza lokha ndilo lisiyane, kuyambira 1 mpaka 254. Nambala 0 ndi 255 sizipatsidwa kwa chipangizo. Choncho 192.168.0.10 ndi 192.168.1.10 sizingalankhulane popanda rauta, ngakhale zili pa switch imodzi.

PLC yongotuluka m'katoni ilibe IP, n'chifukwa chake ping ikulephera. Mu TIA Portal (pulogalamu ya Siemens yokonzera PLC) pitani pa Accessible devices, musankhe khadi ya netiweki yomwe mwalowetsapo waya, osati ya Wi-Fi kapena ya VPN. Pulogalamuyi imafufuza pogwiritsa ntchito MAC address, nambala yolembedwa pa PLC penipenipo pafupi ndi doko. Dinani Flash LED kuti muone ndi maso kuti ndi yomweyo, kenako muipatse IP. Kufufuza kumeneku sikudutsa rauta, ndiye laputopu ikhale pa switch yomweyo. Adiresi yomwe mwaipatsayo muilembenso m'pulojekiti, apo ayi mukangochita download (kutumiza pulojekiti ku PLC), PLC itenga ya m'pulojekiti, yomwe TIA Portal imayamba ndi 192.168.0.1.

Pa drive m'pamene ambiri amataya tsiku lonse. Pa PROFINET (njira yomwe PLC ya Siemens imalankhulirana ndi drive), PLC imayamba yafunafuna chipangizo ndi dzina, ikachipeza m'pamene imachipatsa IP ya m'pulojekiti. Dzina likasiyana ngakhale chilembo chimodzi, ping ikhoza kuyankha bwinobwino koma PLC n'kumayatsabe getsi lofiira. Popatsa drive dzina, gwiritsani ntchito Assign device name mu TIA Portal. Maina akhale a zilembo zing'onozing'ono, manambala ndi kamzere kapakati, monga drive-pampu-1, opanda mpata. Drive ikapsa n'kuikapo ina, onetsetsani kuti yatsopanoyo yalandira dzina lomwelo.

Musanapatse chipangizo chilichonse nambala, gawani papepala: ma PLC kuyambira 10 mpaka 19, ma HMI 20 mpaka 29, ma drive ndi ma I/O (mabokosi olumikizapo masensa ndi zina zotero) 30 mpaka 99, malaputopu a amisiri 240 mpaka 254. Ine sindilimbikitsa kusiya PLC pa 192.168.0.1, chifukwa marauta ambiri amabwera ali pa nambala imeneyo, ndipo tsiku lina wina adzalumikiza rauta. Pepalalo limatidwe mkati mwa chitseko cha panelo. Mukasintha adiresi ya PLC, musinthenso mu connection ya HMI, apo ayi pa sikirini padzangooneka ####.

Zipangizo ziwiri zikakhala pa adiresi imodzi, makina amayenda, n'kuima, n'kuyambanso, ndipo anthu amathamangira kusintha mawaya. Poyesa, zulani waya wa chipangizo chomwe mukuchikayikira, lembani arp -d (kufafaniza ma MAC address omwe laputopu yasunga), muchite ping ku adiresi yake. Ikayankhabe, pali china chomwe chatenga nambalayo, ndipo arp -a ikuonetsani MAC address yake. Chonde musazule waya makina akugwira ntchito.

Ngati pa mzere womwewo pali zipangizo za mtundu wa Allen-Bradley, zambiri zimabwera BOOTP (njira yofanana ndi DHCP) kapena DHCP ili yoyatsa. Mukazipatsa IP ndi pulogalamu ya BOOTP, dinani Disable BOOTP/DHCP, apo ayi magetsi akangothima adiresi yapita. Firewall (chotchinga mauthenga a pa netiweki) ya Windows imatchinganso pulogalamuyi kawirikawiri.

Gateway imafunika pokhapokha PLC ikamalankhula ndi kompyuta ya pa netiweki ina, monga ya SCADA (yoyang'anira makina patali). Zikatero ikani adiresi ya rauta ya mbali ya makinawo, ndipo pa firewall mutsegule madoko ofunika okha (pano si madoko a waya, koma manambala a njira zolankhulirana): 102 ya S7, 502 ya Modbus TCP, 44818 ya EtherNet/IP. Madoko amenewa musawatsegulire ku intaneti, chifukwa Modbus TCP ilibe pasiwedi, aliyense wofika pa 502 akhoza kulemba mu PLC.