Funsani Abusa: Nanga Mulunguyo Anamulenga Ndani?

Abusa, ndine mayi wa mpingo wa CCAP, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Mdzukulu wanga wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Gogo, ngati chilichonse chili ndi mwini wake wochipanga, Mulungu anamupanga ndani?" Ndinangomukalipira, koma mtima sunakhazikike. Komanso anzanga a Mboni za Yehova akuti Yesu ndiye cholengedwa choyamba. Ndithandizeni.
Agogo a ku Mufakose

Mayi, mwanayo musamukalipirenso. Funso lakelo linawasowetsa tulo akuluakulu a mpingo kalekale.

Mpingo sunaphunzitsepo kuti chilichonse chili ndi wochipanga. Umati chimene chinachita kuyamba, kapena chimene chimadalira china kuti chikhalepo, ndicho chili ndi wochiyambitsa. Mukukumbukira kumudzi kupala moto? Inu munakapala kwa a Nabanda, a Nabanda kwa apongozi awo, apongoziwo kwa ena. Mutati mutsate khomo ndi khomo, onse n'kukhala opala okhaokha, mudzi wonse ukanagona ndi njala. Payenera kukhala wina amene moto ndi wakewake. Thomas Aquinas, katswiri wa zaumulungu yemwe anamwalira mu 1274, anafotokoza Mulungu motero: woyambitsa zonse amene sanayambitsidwe ndi wina.

Apa ndipo ambiri timaphonya, ngakhale ife olalikira. Timaganiza Mulungu ngati gogo wamkulu amene waima kutsogolo kwa mzere wa mibadwo. Ayi. Iye sali mumzeremo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa yathu ino, yemwe anamwalira mu 430, anaphunzitsa kuti ngakhale nthawi yeniyeniyo inalengedwa pamodzi ndi dziko. Ndiye kufunsa kuti kunali chiyani Mulungu asanakhalepo n'kumuika m'kati mwa nthawi imene anailenga yekha. Muwerengereni mwanayo Masalmo 90:2, kenaka Eksodo 3:14, pamene Mulungu akudzitchula kwa Mose kuti INE NDINE. Moyo wake sanabwereke kwa aliyense, pomwe wathuwu timaulandira kwa Iye ngakhale lero lino.

Za anzanuwo, nkhaniyi si yatsopano. Wansembe wina wa ku Alexandria m'dziko la Iguputo, dzina lake Arius, ankaphunzitsa kuti inalipo nthawi imene Mwana wa Mulungu kunalibe. Mabishopu atasonkhana mumzinda wa Nicaea mu 325 anakana, nanena kuti Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa. A Mboni amatsamira pa Akolose 1:15, pamene Khristu akutchedwa wobadwa woyamba wa chilengedwe chonse. Koma musaime pomwepo: ndime 16 ndi 17 zikuti zonse zinalengedwa mwa Iye, ndipo Iye alipo zonse zisanakhaleko. Ine ndimaima ndi Nicaea, chifukwa cholengedwa chinzanga sichingandiombole. Kambiranani nawo mwaulemu, ndi anansi anu, mawa mudzakumana pamaliro.

Mdzukuluyo mubwere naye Lamulungu tikaweruka, ndidzacheze naye. Akafuna kuyankhula Chishona, palibe vuto.