Kunyanja kapena ku chinkhoswe? Yankho kwa mchemwali amene wandilembera

Kalata yanu ndinaiwerenga usiku ndili kale pabedi, ndipo tulo tinandithawa. Mwati munayamba ntchito ku Lilongwe chaka chatha, ndalama imene mwasunga ikukwana ulendo umodzi wokha, ndipo mwezi womwewo anzanu a kuofesi akupita kunyanja pomwe mnzanu wa kusekondale ali ndi chinkhoswe ku Blantyre. Mwafunsa kuti mulowere kuti. Kumapeto mwawonjezera kuti inu ndi mnzanuyo masiku ano simulankhulana kwenikweni. Mawu omalizawa ndi amene andikhalitsa pansi, achemwali, chifukwa inenso ndinawalankhulapo, ndipo ndikudziwa kumene anandifikitsa.

Ine ndinabwera ku Lilongwe mu 2019. Ndinapeza kachipinda ku Area 25, ndipo tsiku lililonse ndinkadzuka kusanache kuti ndipeze malo m'minibasi anthu asanachuluke pasiteji. Amene sanakhaleko mumzinda uno sadziwa mmene umatopetsera. Malo ake ndi otalikirana, kuchoka kunyumba kupita kuntchito ndi minibasi ziwiri, mwina kuwonjezera kabaza, ndipo pofika kunyumba madzulo chimene umafuna ndi kusamba, kudya ndi kugona basi. Loweruka kuchapa ndi kupita kumsika, Lamulungu kutchalitchi, sabata yatha.

Mnzanga wapamtima anatsala kum'mwera. Tinadziwana tili Fomu 1 kusukulu yogonera komweko. Tinkadyera mbale imodzi, sopo wake akatha ankasambira wanga, ndipo mayi ake akabwera ndi chigumu ndi mtedza wokazinga ankabweretsa za anthu awiri. Bambo anga atamwalira tili Fomu 3, ndi iye amene anandikopera manotsi a masabata awiri ndi dzanja lake, m'makope anga. Atamaliza maphunziro anapeza ntchito yowerengera ndalama pa sitolo ina ku Limbe, n'kuchita lendi ku Chilobwe. Tsiku lotsanzikana tinalonjezana kuti tiziyenderana mwezi ndi mwezi, mwezi uno ine, mwezi winawo iye.

Chaka choyamba tinayenderana kawiri. Mu 2020 kunabwera Covid, ndipo tonse tinapeza chifukwa chomveka. Matenda atachepa, mu 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mafuta anayamba kusowa, magalimoto ankagona pamizere, mitengo ya basi inakwera. Chifukwa china chomveka. Kuimbirana foni kunasanduka kutumizirana mauthenga, mauthengawo anasanduka kungoonerana zithunzi pa status ya WhatsApp, wina n'kuika kamtima, winayo n'kubweza kamtima. Wina akandifunsa za iye ndinkayankha kuti ali bwino, ndamuona pa status.

Koma ndinene zoona zimene sindinkazivomereza nthawi imeneyo. Chaka chomwecho cha 2022 ndinapita ku Senga Bay kawiri ndi anzanga a kuntchito. Tinasonkha ya mafuta, tinadya chambo, tinajambulitsa zithunzi pamchenga. Ndiye kuti ndalama ya ulendo inalipo. Chimene chinalibe ndi mtima wokhala pabasi maola asanu kupita kwa munthu amene ndinkaganiza kuti adzapezekabe tsiku lililonse ndikadzamufuna.

Musandimve molakwika, anzathu a kuntchito ndi ofunika. Ndi amene timadya nawo chipisi cha pachiwaya masana, amene amatibwereka ya minibasi pa 20 malipiro akali kutali, amene amadziwa kuti lero bwana watikalipira. Munthu wachilendo mumzinda popanda iwo akhoza kudwala ndi maganizo. Koma ndaona ndi maso anga mmene ubwenzi wa kuofesi umathera. Mtsikana wina amene ndinkakhala naye desiki loyandikana zaka ziwiri, amene tinkauzana zonse, atangopeza ntchito kwina tinalemberana miyezi iwiri, kenako zii. Panalibe kuyambana. Chimene chinkatilumikiza chinali ofesiyo, itachoka pakati pathu tinasowa chokambirana. Si onse amatero, ena amasanduka abale enieni, koma simungadziwe kuti ndi ati mpaka mmodzi wa inu atasiya ntchito.

Lolemba pa 13 Malichi 2023 ndinafika kuntchito anthu ataunjikana pa foni ya munthu mmodzi. Namondwe Freddy anali atagwetsa mvula yosalekeza kum'mwera, ndipo matope ndi miyala zinali zitatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Nditangomva dzina la Chilobwe miyendo inazizira. Ndinaimba foni ya mnzanga wa kusekondale uja, sinalowe. Ndinaimbanso, ndinaimbanso, mpaka batire linatha. Magetsi kumeneko anali atazima, ndipo ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina foni yangothima.

Apa ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene chimandipwetekabe mpaka lero. Ndinalibe nambala ya mayi ake, inasowa pamene ndinasintha foni. Ndinalibe ya mng'ono wake. Sindinkadziwa ngati akadali m'nyumba imene ndinagonamo mu 2019 kapena anasamuka, sindinkadziwa kuti ali kumtunda kufupi ndi phiri kapena kumunsi. Munthu amene ndinkamutchula kuti mnzanga wapamtima, ndinkadziwa diresi imene anavala pa Khirisimasi koma sindinkadziwa khomo limene amagona. Masiku awiri ndinakhala ndikuyang'ana zithunzi za pa Facebook zimene munthu sayenera kuziyang'ana, kufunafuna nkhope yake. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno ndi namondwe ameneyo, ndipo kwa masiku awiriwo ndinkamuwerengera m'gulu lawo.

Lachitatu madzulo kunalowa nambala yachilendo. Anali iye, wabwereka foni ya munthu. Anali pa sukulu ina imene anthu anathawirako. Nyumba inagwa mbali imodzi, katundu yense anapita, iye anatuluka ndi zovala za m'thupi. Nambala yanga anaiimba kuchokera m'mutu. Ine yake sindikanatha kuitchula popanda kuyang'ana m'foni.

Lachisanu ndinapempha tchuthi n'kukwera basi. Ulendo womwe uja umene ndinkauona ngati phiri kwa zaka zitatu, makilomita opitirira pang'ono 300 pa msewu wa M1. Dedza ndi kuzizira kwake, Lizulu pomwe amayi amathamangira basi ndi mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, Ntcheu, kenako kutsikira kotentha mpaka kuwoloka Shire pa Zalewa. Pa Lizulu ndinagula mbatata ndi anyezi kudzera pawindo, m'chikwama ndinali ndi bulangete, zitenje ziwiri, shuga ndi sopo. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesera. Nditafika anandiona ndili patali, anaimirira, anangoti, "Wabwera." Sanandifunse kuti ndinali kuti zaka zonsezi. Tinakhala pakhonde la kalasi mpaka mdima, anandiuza za usiku umenewo, za phokoso la miyala, za mwana wa aneba ake amene sanapezeke. Kenako anandiuzanso zina zimene zinachitika namondwe asanabwere, kuti mayi ake anagonekedwa m'chipatala chaka chapitacho, kuti chibwenzi chimene ankayembekezera ukwati chinatha. Zonsezi pa status panalibe. Palibe amene amaika zimenezo.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akunena kuti ubwenzi weniweni sufuna kuonana pafupipafupi, kuti mukhoza kutha zaka zisanu n'kupitiriza pomwe munasiyira, ndimakana. Kale ndinkavomereza, pano ayi. Mawu amenewo timadzitonthoza nawo ife amene tasiya kuyenda. Inde mudzaseka ngati kale mukadzakumana, koma pa zaka zisanuzo mnzanu anadwala, analira, anasowa womuperekeza kuchipatala, ndipo inu kunalibe. Makolo athu analibe foni, koma mayi anga ankayenda wapansi kupita mudzi wina kukangoona mnzawo, atanyamula kankhuku kapena ufa m'kambale, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ife tili ndi bandulo ya mwezi wonse koma sitidziwa makomo a anzathu.

Pali chinanso chimene chimatilepheretsa, ndipo ndikuganiza kuti chili m'kalata yanu ngakhale simunachitchule. Zinkhoswe ndi maukwati a masiku ano zadula. Pali nsalu ya yunifolomu, telala woti asoke, bridal shower, mphatso, tsitsi, kenako ndalama yofupa pa perekaniperekani pomwe amakuitanani pagulu kuti anzake a mkwatibwi a kusekondale abwere kutsogolo. Munthu wa malipiro oyambira akawerengera zonsezi amachita manyazi, n'kusankha kusapita kusiyana ndi kukaoneka wosowa. Kenako amatumiza kandalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndi uthenga wopepesa. Zimenezi zikundinyansa, chifukwa mwambo umene unayenera kusonkhanitsa anthu ukuthamangitsa amene amamukonda mkwatibwi zenizeni. Chinkhoswe ndi tsiku loti mabanja awiri adziwane, ankhoswe aonekere, nkhuku isinthane manja. Yunifolomu inabwera pambuyo, ndipo palibe anabwezedwapo pakhomo chifukwa chovala diresi lake la kutchalitchi. Mnzanga uja atakwatiwa chaka chathachi ndinapita wopanda nsalu ya gulu, ndinafika Lachisanu, ndinasenda nawo mbatata ndi azakhali ake mpaka usiku, ndipo ndi zimene amakumbukira.

Tsono funso lanu lija

Pitani ku chinkhoswe. Nyanja ili pomwepo, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima ndi maola awiri, mukhoza kudzapita m'mawa n'kubwerako madzulo mwezi wina uliwonse, ndipo anzanu a kuofesi adzakonzanso ulendo wina chaka chisanathe. Auzeni zoona, kuti ndalama ikukwana ulendo umodzi ndipo mnzanu akuchita chinkhoswe. Amene ali anzanu enieni amva.

Mnzanuyo muimbireni sabata ino, kuimba ndithu ndi mawu, osati uthenga. Muuzeni kuti mukubwera, kuti nsalu simukwanitsa, ndipo mufunse ngati pali pogona kwawo kapena kwa achibale kuti musalipire malo ogona. Nyamukani Lachisanu kuti mukapeze nthawi yocheza anthu asanachuluke, chifukwa tsiku la mwambo mkwatibwi sakhala wanu. Yofupa sinthiranitu kukhala ndalama zing'onozing'ono, ya basi yobwerera muisunge padera osaikhudza. Katapila musatenge chifukwa cha ulendo umenewu, ngakhale wina akunyengerereni bwanji.

Ndipo musanakwere basi yobwerera, mupempheni nambala ya mayi ake ndi ya mchemwali wake, muzilembe m'buku osati m'foni mokha. Mufunsenso kuti akakwatiwa akakhala kuti, ndipo akulongosolereni njira yake mpaka pakhomo.