Tiyi wa ku Assam amamera m'chigwa, osati m'mapiri

Amayi ena a ku Thyolo andilembera imelo. Mwana wawo wawabweretsera paketi ya tiyi yolembedwa kuti Assam, ndiye akufunsa kuti kumeneko n'kuti, komanso ngati minda yake ili m'mapiri ngati kwawoko.

Amayi, Assam ndi dera la kumpoto chakum'mawa kwa India, ndipo limatulutsa pafupifupi theka la tiyi yense wa dzikolo. Koma minda yambiri ili pathyathyathya, m'chigwa cha mtsinje wa Brahmaputra, cha ku Jorhat, Dibrugarh ndi Tinsukia. Kumatentha, mvula ndi yosaneneka. Inu mukudziwa kuti tiyi amadana ndi madzi oima, n'chifukwa chake m'mindamo amakumba ngalande zakuya, n'kubzala mitengo yopereka mthunzi. Mtsinje ukasefukira, cha m'ma Julayi, zipembere za nyanga imodzi ndi njovu za m'nkhalango yotetezedwa ya Kaziranga zimathawa madzi, kudutsa msewu waukulu kulowera kumapiri a Karbi Anglong, madalaivala n'kumayenda pang'onopang'ono.

Tiyiyu ankamera yekha m'nkhalango, ndipo anthu a mtundu wa Singpho ankamwa kale azungu asanabwere. Mu 1823 anaonetsa tiyiyu kwa mzungu wina wa ku Scotland, Robert Bruce, ndipo pofika 1839 kampani ya Angerezi yolima tiyi, Assam Company, inali itakhazikitsidwa. Ndi tiyi wa masamba akuluakulu, wachibale wa tiyi wambiri amene mumamuona ku Thyolo ndi Mulanje.

Chimene chimandikhudza ine ndi anthu othyolawo. Eni nthaka ambiri sanafune ganyu ya m'minda ya azungu, ndiye Angerezi anakatenga anthu kutali, ku Chotanagpur, dera lina la ku India komweko, ndi madera oyandikana nawo, ambiri mwa chinyengo, ena n'kufera m'njira. Zidzukulu zawo zikadali m'nyumba za esiteti mpaka lero. Ambiri othyola ndi amayi, dengu kumsana, lamba wake atadutsa pamutu, malipiro ochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa paketi yanuyo. Ali ndi gule wawo wa jhumur, atsikana atagwirana m'chiuno pamzere, pomwe Bihu, chikondwerero chachikulu cha mu Epulo, ndi cha dera lonse.

Muyang'ane papaketipo. Ngati alemba kuti second flush, ndi tiyi wothyoledwa mu Meyi ndi Juni, amene ogula ku okushoni ya ku Guwahati, mzinda waukulu wa ku Assam, amalimbirana. Ndi wamphamvu, muthiremo mkaka.