Muli ndi B kale, koma njinga yamoto ili ndi code yakeyake

Achimwene, mwafunsa ngati laisensi yanu ya galimoto ikukwanira kuti muziyendetsa njinga yamoto imene akupatsani kuntchito, komanso kuti ngati siikwanira muyambire pati. Siikwanira ayi. Code B ndi ya galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo njinga yamoto mulibemo. Apolisi akakuimitsani pa rodibuloko, inu ndi munthu amene alibiretu laisensi muli m'gulu limodzi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi inshuwalansi: mukagunda munthu muli ndi B yokha, kampani ya inshuwalansiyo ikhoza kukana kulipira, mlandu wonse n'kugwera inu.

Musanapite kwa a Road Traffic, kaoneni kaye kukula kwa injini ya njingayo. Code A1 imathera pa injini ya 125cc, pamene A ndi ya zoposa pamenepo ndipo imakulolani kukweranso zing'onozing'onozo. Ine ndikuti tengani A. Lero akupatsani ya 125, koma chaka chamawa bungwe likagula Yamaha AG200 kapena Boxer 150, zomwe injini zake ndi zoposa 125cc, A1 yanu yatha ntchito, mubwererenso pamzere kukayambanso. Kuvutika kamodzi kuli bwino.

Popeza muli kale mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa a Road Traffic, kulembetsa kwachilendo kulibe. Tengani chiphaso cha unzika, Traffic Register Card (khadi imene anakupatsani polembetsa ku Road Traffic) ndi laisensi yanuyo, mukapemphe learner's, laisensi yophunzirira, ya njinga yamoto. Mukakhoza mayeso a malamulo a pamsewu mumaphunzira kuyendetsa, kenako n'kukayesedwa pa njinga yeniyeni, ndipo khadi yatsopano imatuluka ili ndi B ndi A pamodzi. Madobadoba amene angakuuzeni kuti "bwana, tingowonjezera kachilembo" musawamvere. Lipirani pamalo ovomerezeka, malisiti onse musunge.

Tsono chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: zaka zanu pa chiwongolero zikuthandizani kudziwa zikwangwani ndi khalidwe la maminibasi, koma thupi lanu liyamba ngati la mwana wa Sitandade 1. Pa njinga klatchi ili kudzanja lamanzere, magiya kuphazi lamanzere, buleki ya kutsogolo kudzanja lamanja, ya kumbuyo kuphazi lamanja. Wozolowera galimoto akadzidzimuka amaponda ndi phazi mwamphamvu, teyala la kumbuyo n'kuuma, njinga n'kuyamba kutsetsereka cham'mbali. Inenso zinandichitikira sabata yanga yoyamba, mbuzi itadumphira mumsewu, ndipo chipsera cha pa bondo ndikadali nacho. Buleki imene imaimitsa njinga kwenikweni ndi ya kutsogolo, koma imafuna kufinya pang'onopang'ono. Mukaigwira mwankhanza pa mchenga kapena pokhota, muli pansi musanadziwe n'komwe chachitika. Choncho lipirani sukulu yophunzitsa njinga yamoto, ngakhale mnzanu wa kabaza atalonjeza kukuphunzitsani ulere pa bwalo la mpira. Iye akuonetsani kunyamuka ndi kusintha magiya, koma kuima mwadzidzidzi ndi kukhota mozungulira pang'onopang'ono osatsitsa phazi zimafuna mphunzitsi woleza mtima.

Ntchito yanu ndi ya kumidzi, ndiye mukangopeza learner's yesererani pa msewu wa dothi mvula isanayambe. Matope a mu Januwale si malo ophunzirira.

Helimeti gulani yanuyanu, yotseka mpaka kuchibwano, yokukwanani bwino, ndipo lamba wake muzimanga nthawi zonse ngakhale mukungopita pa golosale. Onjezani nsapato zotseka akakolo ndi magolovesi. Ndipo tsiku lolandira makiyi, pemphani a ofesi akuonetseni mapepala a njingayo ndi inshuwalansi yake, mutsimikize kuti masiku ake sanathe.