Nkhama zikutuluka magazi koma mukufuna mano oyera? Yambani ndi nkhamazo

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera pa imelo. Akuti ukwati wake uli pafupi ndipo akufuna kudzamwetulira ndi mano oyera pa zithunzi. Vuto ndi lakuti akamatsuka mano nkhama zimatuluka magazi, moti a chipatala anamuuzapo kuti ndi chiseyeye. Tsono mnzake wina akugulitsa pa WhatsApp mankhwala oyeretsa mano, aja amabwera ndi kapulasitiki kovala m'kamwa ndi kanyali ka buluu. Akufunsa ngati angawagwiritse ntchito.

Achemwali, pakadali pano ayi.

Mankhwala oyeretsa mano enieni amakhala ndi hydrogen peroxide kapena carbamide peroxide. Amalowa mkati mwa dzino n'kusungunula zimene zalidetsa. Ngakhale kwa munthu wa nkhama zabwinobwino, amachititsa mano kupweteka kwa masiku angapo akamwa madzi ozizira, ndipo akakhudza nkhama amaziwotcha n'kusiya mabanga oyera. Nanga inu amene nkhama zanu ndi zotupa kale? Kuli ngati kuthira tsabola pachilonda. N'chifukwa chake ku mayiko a European Union lamulo limati mankhwala opitirira 0.1 peresenti ya hydrogen peroxide aziperekedwa ndi dokotala wa mano yekha, asapitirire 6 peresenti, komanso asapatsidwe kwa ana osakwana zaka 18. A pa WhatsApp aja nthawi zambiri botolo lake silinena n'komwe mlingo wake. Kapulasitiki kajanso si kopimira mano anu, ndiye mankhwala amasefukira pankhama pomwepo.

Palinso china chimene ogulitsa sakuuzani. Chiseyeye chikakhalitsa, nkhama zimabwerera m'mbuyo n'kusiya mizu ya mano pamtunda. Yang'anani pagalasi mano a m'munsi a kutsogolo: ngati akuoneka aatali kuposa kale, ndipo cha kutsinde kwake ndi achikasu kwambiri, umenewo ndi muzu. Muzu ulibe chikuto cholimba chija chimene chimateteza dzino kumtunda. Uli ndi timabowo ting'onoting'ono tolunjika ku mtsempha wa dzino, moti mankhwala akafikapo ululu wake umalasa mpaka kumutu. Ndipo muzu suyera msanga ngati kumtunda, ndiye mutha kuvutika chonsecho n'kutsala ndi dzino la mitundu iwiri.

Pitani kaye kwa a mano, kaya pa Zomba Central Hospital kaya ku chipatala cholipira, akakuoneni. Chiseyeye chimayamba ndi litsiro lomata m'mbali mwa mano, limene likakhalitsa limauma gwa ngati mwala. Mswachi sungalichotse, amachita kupala ndi zida zawo. Ngati matenda akadali pankhama pokha, akapala inu n'kumatsuka bwino kawiri pa tsiku, kutupa ndi magazi zimatha m'milungu yochepa. Koma akalowerera n'kudya fupa logwira mano, fupalo silibwerera, chimene angachite n'kuimitsa matendawo kuti mano asayambe kugwedera. Ndiye musamati ndidzapita ukwati ukatha.

Ambiri amadabwa akatuluka kopalitsa mano. Chikasu chimene ankadandaula nacho chimakhala litsiro louma lija pamodzi ndi madontho a tiyi, khofi kapena fodya, ndipo zimapita tsiku lomwelo popanda mankhwala oyeretsa. Mwina inunso mukapeza kuti zimene mumafuna ndi zomwezo.

Mukakumana ndi dokotala, muuzeni ngati muli ndi shuga, ngati ndinu oyembekezera kapena ngati mumasuta, chifukwa zonsezi zimakulitsa chiseyeye. Woyembekezera amalangizidwa kudikira kaye pa zoyeretsa mano. Akakupatsani mankhwala ochukucha m'kamwa a chlorhexidine, musapitirire masiku amene wakuuzani, chifukwa akakhalitsa amadetsa mano omwewo.

Za makala, phulusa, soda ndi mandimu, zimene anzanu akuuzeni ndithu akamva kuti mwakana za pa WhatsApp, zisiyeni. Makala ndi phulusa zimapala dzino, mandimu amalisungunula, ndipo chikuto chikaperepeseka mkati mwa dzino, momwe ndi mwachikasu mwachibadwa, mumaonekera kwambiri. Pa muzu wa pamtunda ndiye zimakumba msanga.

Nkhama zikachira, magazi atasiya, dokotala akhoza kukulolani kuyeretsa ndi mankhwala a mphamvu yochepa, m'kapulasitiki kopimira mano anu. Akayambe waona ngati muli ndi dzino lobowoka. Dziwaninso kuti zomatira dzino lobowoka komanso dzino loikirira siziyera ndi mankhwalawa, zimatsala mmene zinalili pamene mano enawo ayera. Ndipo ngati mano anu ali ndi mabanga ofiirira kuyambira paubwana, monga zimaonekera kwa ena amene anakulira m'madera amene madzi a pa mjigo ali ndi mchere wa fluoride wambiri, limenelo ndi vuto lina, lofuna chithandizo chakechake.

Simunandiuze kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi miyezi iwiri kapena itatu, pitani sabata ino ndipo mwina zonse zitheka. Ngati ndi milungu iwiri, kapalitseni basi, zoyeretsazo mudzaziona mutachoka ku ukwati.